Mabuleki a Ngolo ndi Zida Zokokera: Zimene Malamulo a Zigawo za ku America Amafuna, ndi Phunziro Lake Potuta Zokolola

Mawu oyamba

Mbewu zamakono, feteleza ndi kasamalidwe kabwino ka m'munda zikachulukitsa zokolola, katundu wofunika kututa amachulukanso. Matumba amene kale ankakwana pa ngolo ya ng'ombe tsopano akufuna thirakitala kapena galimoto yokoka ngolo, imene ena amaitcha thirela. Makalabu ndi makoparetivi akamabwereka thirakitala nthawi yokolola, kawirikawiri amafunsa kuti ngoloyo ilowa matumba angati. Funso lofunika kuposa limeneli ndi lakuti, kodi matumbawo akakwera, chimene chikukoka ngoloyo chidzatha kuiimitsa?

Nkhaniyi ikufotokoza mmene dziko la United States of America linayankhira funso limeneli m'malamulo ake. Dzikoli lili ndi zigawo 50 ndipo chigawo chilichonse chimakhazikitsa malamulo akeake a pamsewu, kotero n'kosavuta kuona pamene malamulowo akusiyana ndi pamene akugwirizana. Manambala amasiyana, koma onse akuchokera pa mfundo imodzi: katundu wa pa ngolo amayezedwa ndi mphamvu yoimitsa, osati mphamvu yokoka. Malamulowa sagwira ntchito kuno kwathu, koma zifukwa zimene anawakhazikitsira zimagwira ntchito pa msewu uliwonse.

Chifukwa chake ngolo imafuna mabuleki akeake

Thirakitala inapangidwa kuti izikoka. Injini ndi magiya ake zimatha kusuntha katundu wolemera kuposa iyo mwini kangapo konse. Mabuleki ake alibe mphamvu yotero, ndipo mathirakitala ambiri amene timagwiritsa ntchito ali ndi mabuleki ku matayala akumbuyo okha. Choncho thirakitala imatha kunyamuka bwinobwino ndi katundu amene singathe kumuimitsa.

Manambala otsatirawa ndi masamu achitsanzo, osati zotsatira za kafukufuku, ndipo mlangizi aliyense angathe kuwawerengera yekha.

Tiyerekeze thirakitala yolemera matani 2.5 imene ikuyenda makilomita 20 pa ola pa msewu wopanda chitunda. Dalaivala akaponda mabuleki, imaima pa mtunda wa mamita 6. Tsopano tiimangirire ngolo ya matayala anayi yopanda mabuleki, yolemera matani 5 pamodzi ndi katundu wake. Kulemera konse kwafika matani 7.5, komwe ndi kuwirikiza katatu, koma mphamvu ya mabuleki ndi yomwe ija. Mtunda woimira nawo uwirikiza katatu n'kufika mamita 18.

Liwiro limaonjezera vutoli. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Thirakitala yathu ndi ngolo yake zikamayenda makilomita 30 pa ola, ziima pa mtunda wa mamita pafupifupi 40. Pamenepa sitinawerengere mamita 8 amene zimayenda pa sekondi imodzi, dalaivala ataona chopinga koma asanaponde mabuleki.

Pa mtsetse zinthu zimafika poipa. Pamene msewu ukutsika mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse limasanduka mphamvu yokankhira kumunsi. Pa matani 7.5, mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi makilogalamu 750. Mabuleki a thirakitala yathu, amene anaimitsa matani 2.5 pa mamita 6, ali ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 650. Izi zikutanthauza kuti mabuleki okha sangaimitse katunduyu, ndipo liwiro lidzapitirira kukwera ngakhale dalaivala ataponda mpaka pansi. Zikatero ngolo imakankhira kumbuyo kwa thirakitala m'mbali, ziwirizo zimapindana, ndipo thirakitala imagubuduka. Sipafunika mtsetse waukulu ngati wa Chiweta, wa Khwekhwerere kapena wotsikira ku Chikwawa kuti izi zichitike. Kamtsetse kotsikira pa mlatho wa kumudzi kamakwana.

Malire a kulemera m'malamulo a zigawo

Ku America amayeza kulemera m'mapaundi, ndipo paundi imodzi imachepera pang'ono pa theka la kilogalamu. Malamulo akanena kulemera konse, amatanthauza ngolo pamodzi ndi katundu wake.

1. Zigawo zambiri zimafuna kuti ngolo ikhale ndi mabuleki kulemera kwake konse kukafika mapaundi 3,000, omwe ndi makilogalamu 1,361. Uku ndi kulemera kwa matumba 27 okha a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwa ngolo kuli m'kati mwa nambala yomweyi.

2. Chigawo cha California chimatsata malire omwewa a mapaundi 3,000 pa ngolo wamba, koma ngolo zogonamo anthu pa ulendo zimafunika mabuleki kuyambira mapaundi 1,500, omwe ndi makilogalamu 680. Mabulekiwo akhale pa matayala osachepera awiri.

3. Chigawo cha New York chimayang'ana zinthu ziwiri. Ngolo imafunika mabuleki ngati ikulemera kuposa mapaundi 1,000, omwe ndi makilogalamu 454, ili yopanda katundu, kapena ngati kulemera kwake konse kwaposa mapaundi 3,000.

4. Chigawo cha Texas chimalola ngolo yopanda mabuleki mpaka mapaundi 4,500, omwe ndi makilogalamu 2,041. Ngolo yolemera kuposa pamenepa, mpaka mapaundi 15,000, omwe ndi makilogalamu 6,804, imaloledwa kuyenda yopanda mabuleki pokhapokha ngati liwiro lake silikupitirira mamailosi 30 pa ola, omwe ndi makilomita 48.

Lamulo la Texas likuonetsa kuti kulemera ndi liwiro zimayendera limodzi: amene akufuna kuonjezera katundu ayenera kuchepetsa liwiro. Lamulo la New York likukumbutsa kuti ngolo nayo ndi katundu ngakhale isanapakiridwe kanthu.

Kupatula malamulo a zigawo, boma lalikulu la dzikolo lili ndi malamulo a magalimoto a malonda oyenda kuchoka m'chigawo china kupita china, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Federal Motor Carrier Safety Administration. Malamulowa amafuna mabuleki pa matayala onse. Ngolo yosapitirira mapaundi 3,000 imaloledwa kukhala yopanda mabuleki ngati kulemera kwake sikukuposa magawo 40 pa 100 aliwonse a kulemera kwa galimoto yoikoka. Motero galimoto yolemera makilogalamu 2,000 siyenera kukoka ngolo yopanda mabuleki yoposa makilogalamu 800.

Mfundo yoyerekeza ngolo ndi galimoto yoikoka imapezekanso ku Britain ndi ku South Africa. Kumeneko ngolo yopanda mabuleki oimitsira pa ulendo siyenera kupitirira makilogalamu 750, komanso siyenera kuposa theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda katundu. N'chifukwa chake ngolo zing'onozing'ono zambiri zochokera ku South Africa zimalembedwa makilogalamu 750 pa kachitsulo kake.

Mitundu ya mabuleki a ngolo

Mabuleki a ngolo amagwira ntchito pokhapokha ngati akugwirizana ndi chimene chikukoka ngoloyo. Mitundu yake ikuluikulu ndi iyi:

1. Oyendera magetsi. Dalaivala akaponda mabuleki a galimoto, kachipangizo ka m'galimotomo kamatumiza magetsi ku maginito amene ali m'matayala a ngolo, ndipo maginitowo amagwiritsa mabuleki. Ndi ofala kwambiri ku America pa ngolo zokokedwa ndi mapikapu. Waya ukaduka kapena ukapanda kulumikizidwa, ngolo ilibe mabuleki.

2. Ogwira okha ngolo ikakankha. Ku America amawatcha surge brakes ndipo ku Britain amawatcha overrun brakes. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chitsulo chokokera, ndipo kukankhako n'kumene kumagwiritsa mabuleki. Safuna waya kapena paipi yochokera ku galimoto. Kuipa kwake n'kwakuti sagwira ngolo ikamabwerera m'mbuyo pa chitunda, ndipo pa mtsetse wautali amagwira mosalekeza mpaka kutentha. Mu 2007 boma lalikulu la America linaloleza mabuleki amenewa pa magalimoto a malonda, koma ndi malire: ngolo ya mapaundi 12,000 kapena kucheperapo isapose kulemera kovomerezeka kwa galimoto yoikoka kuchulukitsa ndi 1.75. Ku Britain amaloledwa pa ngolo zosapitirira makilogalamu 3,500.

3. Oyendera mafuta ochokera ku thirakitala. Paipi imatenga mafuta kuchokera ku thirakitala kupita ku mabuleki a ngolo dalaivala akaponda. Thirakitalayo iyenera kukhala ndi polumikizira pake pa ntchito imeneyi.

4. Oyendera mphepo. Awa ndi a malole ndi mathirakitala akuluakulu. Ali ndi mapaipi awiri, ndipo paipi yopereka mphepo ikaduka, mabuleki a ngolo amagwira okha.

5. A pamanja. Awa ndi ogwirira ngolo imene yaima kale kuti isasunthe. Si oimitsira ngolo pa ulendo.

Ngolo zimene amisiri owotcherera amapanga pa maekiselo a malole akale zimafuna chidwi chapadera. Munthu akasuzumira ku matayala amaona zitsulo za mabuleki zili m'malo mwake, koma nthawi zambiri sizinalumikizidwe ku chilichonse. Chimodzimodzinso ngolo ya mabuleki a mphepo imene ikukokedwa ndi thirakitala yopanda chopopera mphepo. Ngolo zoterezi ziziwerengedwa kuti ndi zopanda mabuleki.

Ngolo ikaduka: tcheni ndi mabuleki odzigwira okha

Malamulo a ku America amavomereza kuti polumikizira ngolo pangathe kuguluka ngakhale pa galimoto yosamalidwa bwino. Choncho amafuna chitetezo chachiwiri.

Choyamba ndi tcheni. Zigawo zambiri zimafuna tcheni cholumikiza ngolo ndi galimoto poonjezera pa chitsulo chokokera. Malamulo a boma lalikulu amanena zinthu zitatu za tcheni chimenechi. Mphamvu yake isachepere kulemera konse kwa ngolo. Chisakhale chokhwepa kuposa mmene chikufunikira kuti galimoto ikhote. Chimangidwe mwa njira yoti chitsulo chokokera chisagwere pansi pini ikaguluka. Mfundo yachitatuyi ndi yofunika chifukwa chitsulocho chikazika m'nthaka ngolo ili pa liwiro, ngoloyo imatembenuzika. Pa ngolo zokokedwa ndi galimoto amalangiza kugwiritsa ntchito matcheni awiri opingasana pansi pa chitsulo chokokera, kuti chikaguluka chigwere pa matcheniwo. Pa thirakitala, tcheni chimangidwe pa chitsulo cholimba chogwira drawbar, osati pa pini yomwe ija ikukoka ngolo.

Chachiwiri ndi kachipangizo kotchedwa breakaway. Ndi kachingwe kachitsulo komangidwa ku galimoto. Ngolo ikadukiratu, kachingweko kamakokeka n'kugwiritsa mabuleki a ngolo. Malamulo a boma lalikulu amafuna kuti mabulekiwo agwire okha nthawi yomweyo ndipo akhale atagwira kwa mphindi zosachepera 15, ndipo zigawo zambiri zinatengera nambala yomweyi. Mphindi zimenezi zimapatsa dalaivala mpata woima, kubwerera ndi kutchinga matayala. Pa mabuleki a magetsi kachipangizoka kamadalira batire yaing'ono imene ili pa ngolo, kotero batireyo ikatha mphamvu chitetezo chimatheranso pomwepo. Kachingweko kamangidwe ku galimoto, osati pa tcheni.

Pini nayo ndi chida chotetezera. Ikhale yopangidwira ntchito yokoka, ya kukula kogwirizana ndi bowo lake, ndipo ikhale ndi kachitsulo kotsekera kunsi kuti isatumphuke pa mabampu. Bawuti yotola, chitsulo chomangira nyumba kapena waya sizilowa m'malo mwa pini.

Ngolo izioneka

Zigawo zonse zimafuna kuti ngolo yoyenda pa msewu usiku izioneka kumbuyo. Zida zimene malamulo amatchula kawirikawiri ndi magetsi ofiira akumbuyo, magetsi osonyeza kuti mabuleki apondedwa, magetsi osonyeza kokhotera ndi zonyezimira zofiira. Katundu akatulukira kumbuyo kwa ngolo ndi mapazi anayi, omwe ndi mamita 1.2, zigawo zambiri zimafuna kansalu kofiira masana ndi getsi lofiira usiku.

Pa zida za ulimi pali chizindikiro chapadera cha makona atatu, cha mtundu wa olenji wowala pakati ndi mzere wofiira wonyezimira m'mbali. Chinapangidwa ku Ohio State University kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo chimaikidwa kumbuyo kwa chilichonse choyenda mamailosi 25 pa ola kapena kucheperapo, omwe ndi makilomita 40. Ngolo ikabisa chizindikiro cha pa thirakitala, pamafunika china kumbuyo kwa ngoloyo.

Masamu akuonetsa kufunika kwake. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola ikakhala kumbuyo kwa thirakitala yoyenda makilomita 20 pa ola, mpata wa mamita 100 umatha m'masekondi 6 okha. Woyendetsa galimotoyo ayenera kuzindikira msanga kuti chimene chili kutsogolo kwake chikuyenda pang'onopang'ono, makamaka madzulo pamene ngolo zambiri zimachoka kumunda.

Mathirakitala ndi ngolo za pafamu

Zigawo zambiri za ku America zimapeputsa malamulo pa zida za ulimi zimene zimangodutsa pa msewu kuchoka pa munda wina kupita wina. Zina sizifuna kalembera, zina sizifuna mabuleki. Kupeputsa lamulo sikusintha masamu aja, choncho mpata umenewu unatsekedwa ndi miyezo ya bungwe la akatswiri a makina a ulimi la American Society of Agricultural and Biological Engineers. Muyezo S365 ndi wa mabuleki, S338 ndi wa tcheni, S279 ndi wa magetsi ndi zonyezimira, ndipo S276 ndi wa chizindikiro cha makona atatu.

Malangizo ochokera pa miyezoyi amapezeka m'mabuku a mathirakitala a makampani monga John Deere, ndipo ndi awa:

1. Ngolo yopanda mabuleki isayende kuposa makilomita 32 pa ola. Ikalemera kuposa matani 1.5, kulemera kwake konse kusapose kulemera kwa thirakitala kuchulukitsa ndi 1.5.

2. Ngolo ya mabuleki isayende kuposa makilomita 40 pa ola, ndipo kulemera kwake konse kusapose kulemera kwa thirakitala kuchulukitsa ndi 4.5.

Kusiyana kwa 1.5 ndi 4.5 kukuonetsa phindu la mabuleki. Thirakitala yomweyo imaloledwa kukoka katundu wowirikiza katatu ngolo ikakhala ndi mabuleki ogwira ntchito. Kwa gulu limene likugula kapena kupangitsa ngolo, ndalama za mabuleki zimabwerera kudzera m'maulendo ochepa.

Kuwerengera matumba

Pa manambala onse a m'nkhaniyi, imene alangizi angaigwiritse ntchito mosavuta ndi 1.5. Njira yake ndi iyi: pezani kulemera kwa thirakitala m'buku lake, chulukitsani ndi 1.5, chotsani kulemera kwa ngolo yopanda katundu, kenako gawani zotsalazo ndi makilogalamu 50. Ngati ngolo yopanda mabuleki ikulemera tani imodzi, zotsatira zake ndi izi:

- Thirakitala ya matani 2: malire ndi matani 3, katundu matani 2, matumba 40.
- Thirakitala ya matani 2.5: malire ndi matani 3.75, katundu matani 2.75, matumba 55.
- Thirakitala ya matani 3: malire ndi matani 4.5, katundu matani 3.5, matumba 70.
- Thirakitala ya matani 4: malire ndi matani 6, katundu matani 5, matumba 100.

Awa ndi malire a pa msewu wouma wopanda mtsetse. Tikabwerera ku chitsanzo chathu choyamba, thirakitala ya matani 2.5 ndi ngolo ya matani 3.75 zikulemera matani 6.25. Pa mtsetse uja wa mita imodzi pa mamita 10, mphamvu yokankhira kumunsi ndi makilogalamu 625, pamene mabuleki ali ndi 650. Mphamvu yotsala yoimitsira ndi yochepa kwambiri. Choncho kumene kuli mitsetse, matope kapena miyala yoterera, matumba achepetsedwe kwambiri ndipo ulendo ugawidwe pawiri.

Kumbukiraninso kuti ngolo ingathe kufika pa malire isanadzaze. Malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi, mofanana ndi matumba 20, ndipo madzi a m'thanki yosadzaza amakhavukira kutsogolo mabuleki akapondedwa n'kukankha thirakitala. Mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi matani 1.5, mofanana ndi matumba 30. Njerwa, manyowa onyowa ndi nzimbe nazo zimalemera kuposa mmene zimaonekera. Chimanga chosauma bwino chimalemera kuposa chouma, ndipo matumba osokerera pamwamba amaposa makilogalamu 50.

Kapakiridwe ka katundu

Pa ngolo zokokedwa ndi galimoto, malangizo ofala ku America ndi akuti magawo 60 pa 100 aliwonse a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, kuti polumikizira pazinyamula magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse a kulemera kwa ngolo. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedezekera uku ndi uku liwiro likakwera, ndipo imanyamula matayala akumbuyo a galimoto kuti asagwire bwino pansi.

Pa ngolo ya matayala awiri yokokedwa ndi thirakitala, katundu wa kutsogolo amapanikiza matayala akumbuyo a thirakitala, zimene zimathandiza mabuleki kugwira. Akapyola muyezo, kutsogolo kwa thirakitala kumapepuka ndipo chiwongolero chimasiya kumvera. Pamenepo pamafunika zitsulo zolemetsa kutsogolo kapena kuchepetsa katundu. Matumba asanjidwe mofanana mbali zonse, asakwere kwambiri m'mwamba, ndipo amangidwe.

Zoyenera kuona ngolo isananyamuke

1. Ngolo yamangidwa pa drawbar. Kumangirira pamwamba pa ekiselo ya thirakitala kumachititsa kuti thirakitala idzuke n'kugwa chagada, ndipo izi zimachitika mwachangu koti dalaivala sapeza mpata wochitapo kanthu.
2. Pini ndi yoyenera ndipo yatsekedwa kunsi.
3. Tcheni chamangidwa, sichikukhudza pansi, ndipo chilibe mphete zong'aluka kapena zolumikiza ndi waya.
4. Zopondera mabuleki ziwiri za thirakitala zamangidwa pamodzi. Kuponda mbali imodzi pa liwiro la pamsewu kumakhotetsa thirakitala mwadzidzidzi.
5. Mapaipi kapena mawaya a mabuleki a ngolo alumikizidwa, ndipo mabuleki ayesedwa pa malo afulati katundu atapakiridwa kale.
6. Matayala ali ndi mphepo yokwanira ndipo manati ake ndi omanga.
7. Magetsi akuyaka ndipo zonyezimira zapukutidwa fumbi.
8. Pali mitengo kapena miyala yotchingira matayala poima.
9. Palibe munthu amene wakwera pa drawbar, pa madigadi kapena pamwamba pa matumba.

Pa ulendo, dalaivala asankhe giya yaing'ono asanayambe kutsika, yomwe akanakwerera nayo chitunda chomwecho, kuti injini izithandiza mabuleki. Asachotse giya kapena kuponda klatchi pa mtsetse pofuna kusunga mafuta. Achepetse liwiro asanafike pokhota, osati ali kale m'kati mokhota.

Ngolo za ng'ombe ndi abulu zimatsata mfundo yomweyi. Pa mtsetse, kulemera kwa ngolo kumapita pa goli ndi m'makosi mwa ziweto. Chogwirira matayala chopangidwa ndi mtengo, katundu wochepa ndi zonyezimira kumbuyo zimateteza ziweto, woyendetsa ndi ena oyenda pa msewu.

Uthenga kwa alangizi ndi alimi otsogola

Kudzaza ngolo mopyola muyezo kawirikawiri kumachokera pa kalipiridwe. Thirakitala ikamalipiridwa pa ulendo, alimi amafuna kuti matumba onse akwere kamodzi. Ikamalipiridwa pa thumba, mwini wake ndi amene amafuna kuonjezera. Njira zonse ziwiri zimasiya dalaivala ali yekha pokana, ndipo nthawi zambiri amagonja. Choncho nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa gulu kukolola kusanayambe, osati kumunda matumba ali kale pansi.

Alangizi akulimbikitsidwa kuchita izi:

1. Werengerani pamodzi ndi mwini thirakitala chiwerengero cha matumba a ulendo umodzi, poganizira ngati ngolo ili ndi mabuleki ogwira ntchito komanso mitsetse ya msewu umene idzadutse.
2. Lembani chiwerengerocho ndi penti m'mbali mwa ngolo, ndipo chilowe m'mgwirizano wobwerekera thirakitala.
3. Sankhani mlimi wotsogola mmodzi woti aziwerenga matumba ndi kuona pini, tcheni ndi zonyezimira pa ulendo uliwonse.
4. Gulu likamagula kapena kupangitsa ngolo, lifunse mtundu wa mabuleki ake ndi kutsimikiza kuti thirakitala kapena galimoto yawo ili ndi polumikizira pake.
5. Konzani maulendo kuti athe kusanade.

Kuno ku Malawi za pamsewu zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997. Eni ngolo afunse ku ofesi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services za kalembera, ziphaso ndi zida zimene lamuloli likufuna pa ngolo yawo isanalowe mumsewu. Ulendo woonjezera umadya mafuta ndi maola ochepa. Ngolo ikagubuduka, gulu limataya zokolola za chaka chonse, thirakitala imene alimi ena akuidikira, ndipo nthawi zina moyo wa dalaivala kapena wa anthu oyenda m'mbali mwa msewu.